Kalata ya Banki Yopanda Chidindo

Mayi wa pa windo lachitatu sanadzutse n'komwe mutu. Ananyamula kalata ya banki ija ndi zala ziwiri ngati kansanza konyowa, n'kuiponyanso pa kauntala.

"Ilibe chidindo."

A Zelalem Wondimu anaitola kalatayo. Anali ataima pamzere kuyambira mamawa mu ofesi yowonjezera masiku a alendo, pakati pa Matchaina omanga misewu ndi azungu a m'mabungwe. Alendo! Chonsecho iwo anabadwira kuseri kwa msika wa tsabola, pafupi pomwepa, poti munthu n'kufikako khofi asanazizire. Koma zaka makumi atatu za ku Sweden zinawapatsa pasipoti ya kumeneko, ndipo dziko lawoli silimalola munthu kukhala ndi ziwiri. Lero ankachita kupempha kuti agone m'nyumba ya mayi awo.

"Mayi, mabanki a kumeneko sadinda. Zonse zili pa kompyuta. Taonani ndalamazo, n'zoti ndingadye chaka chathunthu osapempha munthu."

"Kumeneko," anabwereza mayiyo ngati akulavula njere. Kachikwangwani ka pachifuwa pake kankati Tiruwork. "Ndiye bwererani komweko, achikulire, akakuwonjezereni masiku pa kompyutapo. Kuno pepala lopanda chidindo timakulungira mtedza."

Wina kumbuyo anaseka.

Visa yawo inkatha Lachinayi. Mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire mayi awo unali Lamlungu. Maliro enieniwo anawaphonya; ndege inatera anthu atabwerako kumanda. Tsopano ng'ombe inali itagulidwa, ansembe atauzidwa, azilongo awo ali kalikiliki kufulula mowa. Mwana woyamba kubadwa akanasowanso pa tsiku limeneli, akanakhala nkhani ya m'makomo mpaka iye mwini kulowa m'manda.

Anapatuka pang'ono, koma sanachoke. Anaona kamzungu kena ka nkhwaila kakupereka pepala lokwinyikakwinyika, lopandanso chidindo. Tiruwork analiyang'ana kamodzi, n'kuponya pasipoti yake m'dengu la waya lomwe linali pambali. Umo ndi mmene zinkayendera: pasipoti yolandiridwa inkalowa m'dengu, dengu linkakwera ku chipinda cham'mwamba kuti mabwana asaine, mwini wake n'kudzaitengera komweko pakatha sabata.

Basi a Zelalem anamvetsa. Mzinda umene anausiya unali wosauka koma unkadziwa manyazi. Kalaliki ankaimirira polankhula ndi munthu wa imvi. Uwu unali ndi nyumba zagalasi zotalika mpaka kumitambo, koma pansi pake munthu aliyense anali ndi mtengo wake. Iwo anakhala akulemba zimenezi m'manyuzipepala a kunja kwa zaka zambiri, ndipo ena ankawanena kuti amakokomeza. Nazo lero, maso ndi maso.

Anapinda mabiri angapo, ndalama za dzikolo, n'kuwalowetsa pakati pa masamba a pasipoti. Anabwerera pa windo n'kuikankhira mkati.

Tiruwork anaitsegula. Kwa nthawi yoyamba anawayang'ana kumaso.

"Anthuni, taonani kuno!" anakuwa mpaka mzere wonse unatembenuka. "Akunja akundigulira khofi!" Anakutumula pasipoti ija kunja kwa windo, ndalama zonse n'kumwazikira pansi. "Tolani nokha. Munathawa ife tikudya mavuto, lero mwabwera ndi mafuta onunkhira kudzatiyesa mahule?"

"Mwana iwe, ine ndi msinkhu wa bambo ako! Mayi anga amwalira, ndikungopempha masabata awiri okha..."

"Mayi anu anakudikirani zaka zonsezi. Kumandako adikiranso." Anawaponyera pasipoti pachifuwa. "Lachinayi lisathe muli m'dziko muno. Mukaonekeranso pa windo lililonse muno, ndikuitanirani mlonda. Wotsatira!"

A Zelalem anawerama n'kuyamba kutola ndalama zija, mawondo akulira. Palibe anawathandiza. Mtchaina wina anangosuntha phazi kuti atole imene inali pansi pa nsapato yake. Atadzuka, analoza Tiruwork ndi chala.

"Dzina lako ndaliwerenga. Dziko lonse lidzalidziwa. Mulungu akuone!"

"Andiona kale. Tulukani."

Anatuluka akupukuta maso ndi chipewa. Pakhomo anatembenuka, n'kulavulira pansi. Mumtima anali atatsimikiza kuti akagula tikiti tsiku lomwelo, ndipo sadzapondanso m'dziko la afisi limeneli.

Dzuwa litapendeka, bambo wina wa zachitetezo, wa suti yotuwa, anatsika masitepe kudzatenga dengu. Sinali ntchito yake, koma sabata yonseyo ankabwera yekha. Anatsegula mapasipoti onse, imodziimodzi.

"Wolemba nkhani wa ku Sweden uja sanabwerebe?"

"Sindinamuone, bwana."

"Abwera. Ali ndi mwambo wa mayi ake Lamlungu, sangachoke. Akapanda kuoneka pofika Lachisanu, tidziwitsa a ku bwalo la ndege."

Tiruwork anagwedeza mutu, akupemphera chamumtima kuti mdala amene anamunyoza dala uja akwere ndege Lachinayi lisanathe. Mchimwene wake nayenso anakwera masitepe omwewo kukatenga pasipoti, ndipo mpaka lero sanatsike.