Mphepo ya ku Puno

Mayi Eufemia analowa m'chipinda cha hoteloyo osapereka moni kwa munthu. Ulendo wonse wochokera kwathu ku Guayaquil mpaka ku Puno, dziko la eni, anabwera ndi mawu amodzi: mpongozi wandiphera mwana.

Akanawatsutsa ndani? Nicanor, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamupeza m'mawa atauma pabedi m'chipinda chomwecho. Mkazi wake Yadira anagona pa sofa kolandirira alendo pahotelopo, osadwala ndi chimfine chomwe. Ogwira ntchito pahotelopo anamumva akukangana ndi mwamuna wake. Patebulo panali kapu ya tiyi yomwa theka. Ife a mumsewu mwathu mlandu tinali titaweruza kalekale, pajatu awiriwa sankamwerana madzi chiyambire ukwati.

Mwanayo Eufemia anamulera ngati dzira. Ku Guayaquil kotentha kuja ankamuveka juzi. Ngakhale tsiku limene ankanyamuka ndi mkazi wake kupita ku Puno, bambo wandevu zake, anamukulunga sikafu yofiira yoluka okha, uku akumulangiza pa depoti anthu akuseka: "Mphepo ya kumapiri imapha. Usaipatse mpata ngakhale wa chala."

Tsopano anafwanthula sutikesi ya malemuyo, Yadira ataima pakhomo maso ali psuu.

"Sikafu ija ili kuti? Unataya eti? Unkati ikununkha nkhalamba!"

"Amayi, tiyeni tingonyamula maliro tizipita."

"Ndani amako? Munkakangana chiyani? Yankha, mfiti iwe!"

Yadira anawerama n'kuyamba kubwezera zovala m'sutikesi. Ndipo munthu wosalakwa amazemba funso chotero?

Kenako analowa Dokotala Chambi, mzimayi wamfupi amene apolisi anamutuma kuyeza mtembo, atanyamula jumbo yomata.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. M'mimba mwa mwana wanu mulibe poizoni. Tiyi uja ndi tiyi basi."

"Ndiye anamutsamwitsa ndi pilo!"

"Ayi. Magazi ake ndi amene atiuza. Bwerani muone."

Anawalowetsa kubafa n'kuloza giza ya gasi yotenthetsera madzi.

"Ichi chinali chowonongeka, chinkatulutsa mpweya woipa. Sununkha, suoneka. Munthu amangomva tulo. Eni hotelo ayankha mlandu umenewo. Koma alendo ena agonamo muno n'kudzuka, chifukwa cha bowo ilo pamwamba pa khomalo. Mpweyawo umatulukira pamenepo. Tsiku limenelo wina analitseka."

Eufemia anawomba m'manja, misozi ili chuchuchu.

"Mwamva? Sindinanene? Anatseka, iye n'kuthawa! Mumangeni!"

"Adokotala, chonde," Yadira anagwira mkono wa mzimayiyo. "Ndinakupemphani. Ndi achikulire awa, mtima wawo sulimba. Zisiyeni."

"Ndikasiya, akumangani ndinu, mwana wanga."

Dokotala anamatula jumbo ija. Munatuluka sikafu yofiira, yopindidwa bwinobwino mmene Eufemia anamuphunzitsira mwana wake, mbali imodzi itada ndi mwaye.

Yadira anagwada n'kuwagwira miyendo apongozi ake.

"Ndinamuuza kuti mutu ukundiwawa, achotse sikafuyo pabowo paja. N'zimene tinkakangana, Amayi. Anandiyankha kuti, 'Pabowopa pakulowa mphepo. Amayi anandiuza.'"