Kamwana Kokana Nsalu

Madzulo aliwonse Anganile akafika kudzagoneka a Hargrave, nkhalamba ya ku Leicester, ankayamba wamanga nsalu m'chiuno mwa chiboliboli cha pabalaza. Kanali kamwana ka nsangalabwi kamapiko, kabunobuno, komwe ankati ndi mulungu wa chikondi wa Aroma. Anganile zaumaliseche sankagwirizana nazo.

Lachinayi anapeza nsaluyo itapindidwa bwinobwino pansi. Nkhalambayo sinkadzuka pabedi, ndiye Anganile anaimbira foni Cephas, wosamalira mnzake wa shifiti yamasana.

"Ndinu mwakavula kamwanaka?"

"Ine lero sindinapondeko, achemwali."

Anganile anakavekanso nsaluyo, mfundo ziwiri, n'kukwera kuchipinda. Ali mkati mowamwetsa mankhwala, a Hargrave anayang'ana kuchitseko n'kumwetulira.

"Sakonda kuvekedwa," anatero.

Pamasitepe panagunda kaphazi kolemera, kenako kena, kakukwera.