Chisoti cha Alamu

Chingwe cha kireni, makina okwezera katundu pamalo omanga, chitaduka, mtanda wachitsulo unagwa, fumbi koboo. Litakhazikika, wowotcherera zitsulo wina anaona chisoti cha mlamu wake chitaphwanyika ngati dzira pansi pa mtandawo.

Anali iyeyo amene anamuitanira mlamuyu ntchito kudziko la eni kuno. Nanga mchemwali wake woyembekezera uja akamuuza chiyani?

"Alamu!"

Anathamangira pamtandapo.

Kenako chitseko cha chimbudzi chinatseguka. Mlamu uja anatulukira akumanga lamba.

"Mukukuwiranji? Ndatsegula m'mimba ine, ndinangovula chisoti n'kuthamanga."

Wowotcherera anakhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Alamu," anatero atapeza mpweya, "m'mimba mwanumo musayerekeze kumwera mankhwala."