Mbamu ya Bambo Gebeyehu

Dzanja la Bambo Gebeyehu linaima pafupi ndi milomo ya Tirunesh, litanyamula injera, mkate wopyapyala wakwawo, yokulungamo mphodza.

Wodwalayu anali atatha masiku asanu osalawa kanthu, ati chakudya cha m'chipatala cha amisalachi amathiramo poizoni. Masiku onsewo namwino Tirunesh ankakhala nawo pabenchi, kuwanyengerera. Lero anang'amba okha injera, koma ankafuna ayambe adyetsa Tirunesh, monga amachitira anthu okondana kwawoko.

"Yasamula, mwana wanga. Dzanja la mkulu salibweza."

M'mphodzamo munkaoneka tizidutswa toyera. Tirunesh anakumbukira kansalu kamene anakapeza m'mawa pansi pa pilo wawo, kali mbuu ndi ufa wa mapiritsi. Anabisa angati? Sankadziwa.

"Bambo, ndadya kale."

"Ndiye nawenso ukudziwa kuti muli poizoni," anatero motsitsa mawu.

Dzanja lija linayamba kubwerera. Tirunesh analigwira, nayasamula.

Mkamwa monse munawawa mpaka kukhosi. Anameza, nang'amba injera ya m'mphepete mwa mbale, momwe munalibe tizidutswa toyera tija.

"Tsopano yasamulani inu, Bambo."