Guluu wa ba Lastone

"Musaniuze nkhani, ba Lastone! Nionetseni!" Prudence anamenya tebulo la mmisiri wowotcherera zitsuloyo mpaka misomali inadumpha.

Chithunzi cha malemu bambo ake, chosindikizidwa pa kathailosi koyera, chinali chitamatuka pa mtanda wachitsulo mvula yoyamba itangogwa, n'kuswekera pamanda. Abale a ku Shimabala anamuseka kuti anamatira guluu wa nsapato. Tsopano mawa lake onse ankakumana kumandako kukapemphera, ndipo manyazi ena sankawafuna.

Lastone anatulutsa thailosi yoyesera, yomatidwa pachitsulo ndi guluu watsopano. Analowetsa tchizulo m'mphepete n'kumenya ndi hamala. Sinasunthe.

"Mumenya monyengerera! Letani kuno!"

Prudence anaikhoma yekha mpaka thukuta kamukamu. Thailosi inabenthuka pakona, koma guluu sanataye.

"Ndiye wamene mwaika pa mtanda wa atate?"

"Wamene uyu, mayo. Olo mubwere na thirakitala, sichizachoka."

Prudence anang'amba nyuzipepala yokutira mtanda watsopano umene Lastone anamukonzera. Nkhope yomwetulira pamwamba pa mawu akuti "Usani mumtendere" inali ya ba Chindikani, amene anabadwa mapasa ndi bambo ake, ndipo m'mawa womwewo anali atamuimbira foni kufunsa nthawi ya mapemphero.

"Aba ni amoyo, imwe! Chosani manje manje!"

"Ndiye pikicha munanitumira mweka pa foni," anatero Lastone, akumupatsanso hamala ija. "Yesani futi."