Timadontho Tomwe Anafufuta

Panali munthu wina wofufuza za ubongo, ndipo amene anandiuza akuti si nthano ayi. Anzake ku labotale ankamutchula kuti Bambo Ubongo, iye n'kumamva kukoma. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, yemwe ankadwala khunyu kuyambira ali wamng'ono. N'chifukwa chake kunyumba kwawo chitseko cha kubafa chinalibe loko. Mtsikanayo akamasamba, mayi ake ankakhala pampando panja n'kumamuyankhulitsa. Akangoti zii, iwo ankalowa.

Bamboyo anapanga kalamba kovala kumutu, kosalowa madzi. Kankamvetsera timagetsi ta muubongo, ndipo matendawo akatsala pang'ono kugwetsa munthu kankalira, kuti munthuyo agone pamalo abwino. Nzeru analidi nazo, tisaname.

Anakayesa pa odwala ambiri. Zotsatira zinkaoneka pa kompyuta ngati timadontho, kadontho kalikonse wodwala mmodzi. Tambiri tinandanda bwino pamzere. Koma tingapo tinali pambali patokha. Amenewo anali anthu omwe anagwa kalambako kali chete.

Bamboyo atafuna kutifufuta timadontho tapambalito, mayi wina wa ziwerengero, amene ankagwira naye ntchito, anamutsina khutu.

"Awa musawachotse. Onsewa matenda awo amayambira mkatikati mwa ubongo, kumene kalamba kanu sikamva."

"Zinyalala izi," anatero Bambo Ubongo. "Anavala mopotoka basi."

"Umboni wake uli kuti? Si zinyalala izi, bambo, ndi ana a anthu."

"Mayi, inu anakulembani kuti muziwerengera, osati kulalikira."

Anatifufuta timadontho tija, mzere n'kuwongoka ngati wokoka ndi chingwe. Mayiyo anangoti dzina lake lichotsedwe pa kafukufukuyo. Kunyumba bamboyo anaisandutsa nthabwala. "Kuli mayi wina kuntchito akulirira timadontho ngati anatibereka yekha." Mkazi wake anaseka naye, poti sankadziwa.

Kafukufukuyo anatuluka m'magazini ya asayansi. Anthu anaomba m'manja, kampani ina n'kuyamba kupanga timalambato. Koyamba kutuluka anapatsa mwini wake, ndipo mkazi wake anakamuveka mwana uja misozi ili m'maso.

Apa ndiye pondipweteka. Bamboyo ankadziwa bwino kuti matenda a mwana wake ndi a mkatikati omwe aja. Zithunzi za ubongo wa mwanayo anali ataziona ndi maso ake. Koma kunena kuti kalambako sikangamuthandize kunali kuvomera kuti ananamiza dziko lonse. Anadziuza kuti mwina kwa mwana wake kagwira.

Tsiku lina mtsikanayo anati, "Adadi, ine ndakula. Ndatopa kusamba uku ndikuyankha mafunso. Kalamba kanu kalipo, ndiikireni loko."

"Tiyeni tidikire kaye," iye anatero.

"Tidikire chiyani, abambo?" anafunsa mkazi wake. "Ana a eni ake akuvala, wanu ndiye azilonderedwabe? Kapena pali chimene mukudziwa?"

Mpata wonena zoona unali umenewo. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mwana wake amene ankamunyadira chonchija.

"Palibe," anayankha.

Anakagula loko, yabwino ndithu, n'kuimanga yekha, kukhwimitsa sikulu iliyonse. Mpando uja unabwezedwa pabalaza. Mtsikanayo anayamba kuimba posamba, ndipo m'nyumbamo munali chimwemwe chimene sichinaonekepo kale.

Loweruka lina m'mawa mayi ake akusita zovala anaona madzi akutuluka pansi pa chitseko cha kubafa. Anaitana, zii. Anagogoda, zii. Bamboyo anathamanga n'kumenya chitseko ndi phewa, koma loko sinagwedezeke. Anali ataimanga bwino. Pomwe ankabwera ndi hamala n'kuswa chitseko, mwana anali atamira m'bafa lodzaza madzi. Kalamba kanali pamutu, kanyali kake kobiriwira kakuyaka, kusonyeza kuti zonse zili bwino.

Pamaliro panabwera mayi wa ziwerengero uja. Atadzitchula popepesa, mayi wa malemu sanamusiye dzanja.

"Ndinu mayi wa timadontho?"

"Ndine."

"Timadontho tija tinali chiyani?"

"Anali odwala amene kalamba sikanawachenjeze."

"Odwala otani?"

 Mayi wa ziwerengeroyo anangoyang'ana Bambo Ubongo, iye n'kuzyolika.

Anthu atabalalika, awiriwo anatsala okha pafupi ndi chitseko chosweka chija.

"Munkadziwa," anatero mkaziyo. "Ndinakufunsani, munati palibe. Mwandichotsa pampando paja ndi manja anu."

"Amayi, mvetsani, kwa anthu ambiri kamagwira. Chiwerengero chikusonyeza kuti..."

"Chabwino. Tsegulani kompyuta yanu, nayenso mumufufute, mzere wanu uwongoke."

Anatenga chikwama chake n'kutuluka, ndipo sanabwererenso. Magazini ija inachotsa kafukufukuyo, kampani n'kuitanitsa timalamba tonse. Bamboyo akuti akukhalabe m'nyumbamo yekha, ndipo chitseko chija sanakonze mpaka lero.

Phunziro: Kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu, ndipo amene wamufufuta lero kuti ntchito yako ioneke bwino mawa akhoza kukhala wa m'nyumba mwako. Wakutsina khutu ndi mnansi, usamuyese mdani. Ukazindikira kuti unanama, ulula msanga, manyazi saika munthu m'manda. Tumizirani ena uthengawu, makamaka onse amene ntchito yawo ndi kutiuza kuti chinthu chayesedwa ndipo n'chabwino.