Phulusa pamchombo wa mwana wa Esinala

Panali mayi wina wa kwa Ndamera, dzina lake Esinala, m'zaka zija za makhadi a chipani. Akuti zinachitikadi. Atapita padera kawiri, mimba yachitatu inangofika miyezi isanu ndi iwiri, nabereka kamwana kakamuna pachipatala china cha mishoni. Kanali kosatha n'kuyamwa komwe.

Anamwino anakagoneka m'kabokosi kagalasi, n'kulowetsa kapaipi pamchombo kuti dilipi izikadyetsa.

"Mayi, kapaipi aka kafika mpaka mumtsempha wamagazi," anatero anamwino. "Pamchombopa musakhudzepo, ngakhale ndi chala."

Tsiku lachinayi kunabwera apongozi a Esinala, mayi a mwamuna wake Lorenso, wodula nzimbe. Atasuzumira pagalasi anagwira pakamwa.

"Mchombo wosapaka mankhwala uuma liti? Ukagwera pamaliseche, mwanayu adzakhala gojo. Mtundu wa Lorenso uthere pomwepa?"

"Amayi, anamwino aletsa."

"Anamwino akowo abereka angati? Ine asanu ndi atatu!"

Anamufumbatitsa kansanza ka phulusa la chikonyo cha dzungu losakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kubwerera kumudzi.

Esinala sanali wopusa ayi, anali ndi mantha basi. Kumudzi anali atamunena kale kuti amangotaya ana. Masana, anamwino atapita kukadya, anatsegula kabokosi, n'kupaka pang'ono pokha mozungulira kapaipi, navundikirapo thonje.

Mawa lake kamwana kanangoti zii. Tsiku linalo kamimba kanatupa, pamchombo panafiira, kamwendo kamodzi kanada bii. Anamwino atachotsa thonje anapeza phulusa.

"Mayi inu, mwatani? Litsiro lalowa m'magazi kudzera pakapaipi!"

Anachotsa kapaipiko, anabaya majakisoni, anayesetsa ndithu. Koma kamwana kotero kangalimbe bwanji? Kanatsirizika Loweruka m'mawa, Lorenso akupalasa njinga kuchokera kuntchito, dzina la mwana atasankha kale.

Pokakulunga, mchombo unathothoka n'kugwera pansalu, kutali ndi pamene apongozi ankaopa paja. Esinala anautola. Kumanda kunapita amayi okhaokha, ndipo anamuuza kuti khanda lotere salilira. Analira basi, mayi wosaukayo, mchombo ataufumbata m'manja.

Phunziro: Abale, mwana wobadwa masiku asanakwane akamuika kapaipi pamchombo, pamenepo ndi khomo lolowera m'magazi ake. Osapakapo kanthu, ngakhale okuuzaniwo akhale okukondani chotani. Mukakhala ndi mantha, funsani anamwino. Tumizani nkhaniyi kwa amayi oyembekezera, ndi kwa apongozi awo omwe.